Mapazi a pa tabuleti anaonetsa pamene alembi athu ankapunthwa

Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhe kudzera pa tsamba lanu la makalata mawu amene ndawamva kambirimbiri m'misonkhano ya kuno ku Angónia ngakhalenso mumzinda wa Tete, akuti anthu a kumudzi satha kugwiritsa ntchito makina amakono ndipo mankhwala ake ndi kuwaphunzitsanso. Ndine mlembi wa bungwe la alimi limene limagula soya ndi chimanga m'midzi ya pakati pa Ulongwe ndi Domwe, ndipo kwa nyengo zingapo tsopano takhala tikulemba alimi ndi katundu wawo pa matabuleti m'malo mwa makope. Chaka chatha ndinaona ndi maso anga chinthu chimene chinandisintha maganizo pa nkhaniyi, ndipo ndikukhulupirira kuti owerenga anu ogwira ntchito m'zipatala, m'masukulu ndi m'mabungwe ena, amene nawonso anapatsidwa makina otere, angatolepo kanthu.

Pulogalamu imene ili m'matabuletiwo inalembedwa m'Chipwitikizi ndi kampani ina ya kutali ndi kuno, ndipo dzina lake ndilisunga chifukwa sindinalembe kalatayi kuti ndichititse munthu manyazi. Nyengo yoyamba yogula mbewu inatha ndi madandaulo okhaokha. Mizere inkatalika pasikelo mpaka alimi ena ankatopa n'kukweza matumba awo panjinga kukagulitsa kwa mavenda a kumalire; mlimi mmodzi ankapezeka kawiri kapena katatu m'kaundula; ndipo panali malisiti osonyeza kuti mayi wina wabweretsa thumba limodzi lolemera makilogalamu oposa 500. Lipoti limene linapita kwa otithandiza linati alembi akusowa capacitação, kutanthauza maphunziro owonjezera luso, mawu amene kuno tawamva mpaka makutu kuwawa. Anatiitana ku maphunziro kawiri, tinadya mpunga wa nkhuku, tinasainira ndalama zoyendera, tinabwerera kumidzi, ndipo zolakwika zija zinabwereranso monga zinalili.

Amene anatitsegula maso ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene akuphunzira za makompyuta mumzinda wa Tete. Atabwera pa tchuthi n'kundimva ndikudandaula anandifunsa kuti: “Malume, kodi mapazi a pulogalamuyi munawaonapo?” Sindinamvetse, ndiye anafotokoza kuti mapulogalamu ambiri amasunga kaundula wachiwiri, wosiyana ndi uja wa mayina a alimi, amene akatswiri amamutcha log. Munthu akatsegula tsamba, akadina batani, akafufuta zimene analemba, kapena makina akakana zimene walowetsa, pulogalamu imalemba mzere umodzi m'kaundulamo wonena tsiku, ola, mphindi ndi sekondi, nambala ya tabuleti, dzina la tsamba ndi chimene chachitika. Eni pulogalamu amamusunga makamaka kuti azifufuzira makina akafa, ndipo kawirikawiri palibe amene amamuwerenga pofuna kudziwa mmene anthu akuvutikira. Wapampando wathu analemba kalata yopempha kaundulayo, ndipo patatha miyezi iwiri anatitumizira atachotsamo mayina a alimi monga tinapemphera. Nditamutsegula pa kompyuta ndinangoona mizere ya manambala yosatha, yonga linthumbu likusamuka, ndipo ndikanakhala ndekha ndikanatseka n'kuiwala.

Manambala ochuluka chotero palibe munthu amene angawawerenge mzere ndi mzere, koma akasandutsidwa chithunzi diso limagwira pa kamphindi zimene mutu ukanalephera kuwerengera mwezi wathunthu. Nzeruyi si ya dzulo. M'chaka cha 1854 kolera itabuka m'dera la Soho mumzinda wa London, dokotala John Snow analemba nyumba iliyonse imene munatuluka maliro, ndipo pa mapu ake otchuka timizere takuda toimira omwalira tinaunjikana mozungulira mjigo wa mumsewu wa Broad Street. Ife a chigawo cha Tete, amene kolera timaidziwa bwino mvula ikayamba, sitisowa wotiuza kufunika kodziwa chitsime chimene chikudwalitsa anthu. Mtsikanayo atabweranso pa tchuthi chotsatira anachita zofanana ndi zimenezo, kungoti m'malo mwa nyumba za maliro iye ankaika pa pepala malo amene alembi ankapunthwa.

Chithunzi choyamba anachijambula ngati mtsinje. Kumanzere kunali madzi ochuluka oimira maulendo onse amene mlembi anayamba kulemba mlimi, ndipo pa tsamba lililonse la pulogalamu mtsinjewo unkagawika, nthambi ina kupita patsogolo, ina kubwerera m'mbuyo, ina kuthera panjira, kukula kwa nthambi iliyonse kukufanana ndi kuchuluka kwa maulendo amene anadzera mmenemo. Anandiuza kuti zithunzi za mtunduwu zimadziwika ndi dzina la Matthew Sankey, injiniya wa ku Ireland amene mu 1898 anajambula chotere posonyeza kumene mphamvu ya injini ya nthunzi imatayikira. Mtsinje wa Revúbuè umachoka kumapiri kuno uli waung'ono n'kumakula mpaka kukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, koma wathuwu unkayamba waukulu n'kumaphwa. Pa tsamba lofufuzira dzina la mlimi panali dziwe lozungulira: mlembi wafufuza, sanapeze, wafufuzanso, sanapezenso, kachitatu chimodzimodzi, kenako wadina batani lolembera mlimi watsopano.

Kaundulayo sananene chifukwa chake, popeza mayina anali atachotsedwamo, koma ife alembi titangoona dziwelo tinayang'anizana. Aliyense wa kuno amadziwa kuti dzina limodzi lili ndi malembedwe awiri. Pa chitupa cha boma, chimene timachitcha BI, analembapo mwa Chipwitikizi kuti Muale, Mbeue, Tchale kapena Nhangu, pamene pa khadi la kutchalitchi dzina lomwelo ndi Mwale, Mbewe, Chale kapena Nyangu. Ambiri a ife, ine ndemwe mmodzi wa iwo, tinaphunzira kuwerenga ku Dedza ndi ku Ntcheu pamene tinathawa nkhondo imene inatha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, choncho dzanja lathu limathamangira w pamene mnzathu wophunzira ku Ulongwe amaika u, ndiponso ny pamene iye amaika nh. Pulogalamu inkafuna kuti lemba lililonse lifanane ndendende, kotero mlimi amene analembedwa Lolemba ndi mlembi wina sankapezeka Lachinayi pa dzanja la mlembi mnzake, ndipo ankabadwanso kachiwiri m'kaundula. Kodi maphunziro angati akanachiritsa zimenezi, pamene mlembi ankalemba dzina la munthu monga mwini wake amalitchulira?

Thumba la makilogalamu 500 lija linali ndi muzu womwewo. Chipwitikizi chimalemba theka ndi mpatuliro, 50,5, pamene sukulu za ku Malawi zinatiphunzitsa kulemba ndi kadontho, 50.5. Bokosi lolembamo kulemera linkangomeza kadonthoko osachenjeza munthu, ndipo 50.5 inkasanduka 505. Chithunzi chachiwiri chinali tsamba lolembamo kulemera lopakidwa mitundu, kufiira kukusonyeza pamene anthu amafufuta ndi kulembanso kwambiri, ndipo bokosilo linali psuu ngati khala la moto. Alembi atcheru ankazindikira n'kukonza, ndipo kufufuta kwawoko ndi kumene kunasiya mapazi. Amene anali ndi mzere wautali patsogolo pawo ankapitirira osaona kanthu. Za masiku obadwa sindichedwapo. Pulogalamu inkakana kupitirira popanda tsiku, mwezi ndi chaka, pamene agogo ambiri alibe chitupa ndipo amangodziwa kuti ufulu wa 1975 unawapeza ali kale pabanja, choncho mtsikanayo atawerengera masikuwo n'kuwaimika ngati mizati, mzati wa 1 Januwale unatalika kuposa yonse ngati mlongoti wa foni pakati pa chimanga.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi chithunzi cha mizere ya nthawi. Tabuleti iliyonse inali ndi mzere wake woyala kuyambira mmawa mpaka madzulo, ndipo kudina kulikonse kunali kadontho pa mzerewo. Pa batani losungira, lolembedwa kuti Gravar, timadontho tinkathithikana tisanu kapena kuposerapo m'masekondi ochepa, ndipo ndinadzizindikira ndekha pamenepo, chifukwa chala chimenecho chinali changa. Kumidzi yathu rede, imene anzathu a ku Malawi amati netiweki, imabwera ndi kuchoka ngati mphepo. Ukadina Gravar sikirini inkangokhala duu osasonyeza ngati yamva, ndiye munthu unkadinanso ndi kudinanso, ndipo rede ikabwerera kudina kulikonse kunkasanduka lisiti lakelake. Katswiri wa nkhanizi Jakob Nielsen anafotokoza mu 1993 kuti makina akayankha pasanathe gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi munthu amaona ngati ayankha pomwepo, akatenga sekondi imodzi maganizo ake amakhala asanaduke, koma akapitirira masekondi 10 mtima umachoka pa ntchitoyo pokhapokha pali chizindikiro choti ntchito ili mkati. Ife chimene tinkasowa ndi kachizindikiro kozungulira ndi liwu limodzi loti dikirani.

Makampani akuluakulu amadziwa phindu la mapazi otere. Microsoft pokonza Office 2007 inadalira kaundula wa zodina za anthu amene anavomera kutumiza, ndipo inapeza kuti mu Word 2003 anthu ankadina kwambiri Paste, motsatidwa ndi Save, Copy, Undo ndi Bold. N'chifukwa chake batani la Paste mumalipeza lalikulu, koyambirira kumanzere. Ngakhalenso muyezo wa dziko lonse lapansi wa ISO 9241-11, umene unatuluka mu 1998 n'kukonzedwanso mu 2018, sumayesa kuphweka kwa pulogalamu ili yokha patebulo. Umafunsa ngati anthu akutiakuti, pa ntchito yakutiyakuti, m'malo akutiakuti, akukwanitsa zimene akufuna, mosataya nthawi ndi mphamvu, ndiponso mokhutira. Malo athu ndi pansi pa mtengo wa mango, pambali pa sikelo, dzuwa likuwala pa sikirini, ndipo pulogalamu imene sinayesedwe pamenepo sinayesedwe konse.

Komabe, Mkonzi, ndingakhale wonama nditasiyira pomwepa ngati kuti chithunzi chimanena zonse. Titatumiza zithunzizo kwa eni pulogalamu, iwo anachita chidwi kwambiri ndi mipata italiitali ya pa tsamba lolembamo kulemera, mphindi zisanu kapena khumi popanda kudina kulikonse, ndipo anafuna kulikonzanso tsamba lonselo poganiza kuti alembi amasokonezeka nalo. Anali atawerenga molakwika. Pa nthawi imeneyo mlembi amakhala atasiya tabuleti pampando, akuthandiza kukoleka thumba pasikelo kapena akukangana ndi mlimi za chinyezi ndi zinyalala za mu soya. Panali tabuleti imene mzere wake unkaduka tsiku lililonse nthawi ya 2 koloko masana, ndipo chifukwa chake chinali batire lotha mphamvu. Panali mudzi umene unakhala chete masiku awiri pakati pa nyengo yogula, ndipo tonse tinakumbukira maliro a amfumu aakazi. Tabuleti ina inkaoneka ngati ya munthu wosatopa, wogwira ntchito kuyambira tambala woyamba mpaka usiku ndi liwiro losinthasintha, pamene zoona zake zinali zoti anthu atatu ankalandizana pasiwedi imodzi.

Zina zinali zochititsa manyazi pang'ono. Mlembi amene pa chithunzi ankaoneka wachangu kuposa tonse ndi amene ankadzaza mabokosi ovuta ndi ziro kuti mzere uyende. Amene ankaoneka wochedwa kwambiri ndi mayi wina amene okalamba amasankha dala mzere wake, chifukwa iye amawawerengera lisiti m'Chichewa liwu ndi liwu asanadine Gravar. Ndiye panali alembi awiri amene ntchito yawo inkaoneka yoyera koposa, yopanda kufufuta, yopanda kubwerera m'mbuyo, koma yonse yolembedwa itakwana 8 koloko usiku. Awiriwa anali atagonja kalekale n'kubwerera ku makope, ndipo ankakopera mu tabuleti ali kunyumba kumene rede imagwira bwino. Anthu amene pulogalamu inawalepheretsa kwambiri ndi omwe anasiya mapazi okongola, ndipo mlimi amene anatopa n'kupita kwa mavenda sanasiye phazi ndi limodzi lomwe.

John Snow nayenso sanangokhala pansi ndi pepala. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene anthu amatunga madzi, ndipo anapeza kuti ogwira ntchito pa fakitale ya mowa ya mumsewu womwewo sanadwale chifukwa ankamwa za pantchito pawo ndipo fakitaleyo inali ndi chitsime chake. Ifenso tinasindikiza zithunzi zathu pa mapepala, tinakhala nazo pansi alembi tonse, kenako mtsikanayo anakhala mmawa wathunthu pambali pa sikelo akuyang'ana zala zathu osayankhula. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo theka la zimene ndalemba pamwambapa tinalidziwa tsiku limenelo. Aliyense amene angajambule mapazi a otumiza ndalama pafoni kudzera pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, kapena a ogula magetsi a Credelec pafoni, adzakumana ndi zofananazo, pakuti kuno foni imodzi imatumikira banja lonse, ndipo zala zachangu zimene adzazione pa nambala ya agogo ndi za mdzukulu kapena za wothandiza pa kauntala ya kumsika.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kuchitchula ngakhale chikukhudza anzanga. Zithunzi zitaikidwa patebulo, mmodzi wa akuluakulu a komiti anafunsa nthawi yomweyo kuti mzere wochedwa uja ndi wa yani, ndipo cholinga chake chinali choonekeratu. Tinakana, ndipo ndikupempha mabungwe ena akanenso. Kaundula wa mapazi ndi woyezera pulogalamu, ndipo akangosanduka chikwapu cha alembi, alembi adzaphunzira kusangalatsa kaundulayo podzaza ziro ngati mnzathu uja, kenako zithunzi zidzayamba kunama. Kuchotsa mayina pakokha sikuteteza munthu mokwanira. M'chaka cha 2006 kampani ya AOL ku America inatulutsa mawu pafupifupi 20 miliyoni amene anthu oposa 650,000 anafufuza pa intaneti, itaika manambala m'malo mwa mayina, koma pasanathe masiku ambiri atolankhani a New York Times anamupeza mayi wina wa ku Georgia pongotsatira zimene ankafufuza. Ngati zinatheka m'dziko lalikulu chotero, nanga m'mudzi umene aliyense akudziwa amene amanyamula tabuleti nambala 3? Malamulo aakulu a dziko lathu la Mozambique a 2004, pa ndime 71, amaletsa kugwiritsa ntchito makompyuta posunga zokhudza chipembedzo, chipani kapena moyo wachinsinsi wa munthu wodziwika dzina, ndipo lamulo nambala 3/2017 la zochitika pa makina amakono lili ndi ndime zoteteza mbiri ya munthu. Mzimu wa malamulo amenewa uyenera kufika mpaka pasikelo: alembi auzidwe kuti mapazi awo akulembedwa ndi chifukwa chake, manambala achinsinsi monga PIN asalowe konse m'kaundula, ndipo kaundulayo asasungidwe mpaka kalekale.

Pempho langa likupita kwa amene amagula kapena kulandira mapulogalamu m'malo mwa ena, kaya ndi maofesi a boma a m'chigawo, kaya ndi mabungwe othandiza, kaya ndi makomiti ngati athu. Posaina mgwirizano ndi wopanga pulogalamu, ikanimo mawu oti kaundula wa mapazi, wopanda mayina, aziperekedwa kwa inu pakutha pa nyengo iliyonse, ndipo musanalipire maphunziro ena a alembi muziyamba mwaona zithunzi zake pamodzi ndi alembiwo. Ife tinadikira miyezi iwiri chifukwa mawu amenewo munalibe mu mgwirizano wathu, ndipo tinkapempha ngati opempha chifundo. Ntchitoyi sifuna makina odula. Mwana wa mlongo wanga anaichita pa laputopu yakale yosweka pangodya, ndi Excel komanso pulogalamu yaulere ya Python. M'chigawo muno muli Instituto Superior Politécnico de Tete, ndipo ku Ulongwe konkuno Universidade Zambeze ili ndi nthambi ya maphunziro a ulimi. Ophunzira a m'sukulu zimenezi amafuna mitu ya kafukufuku chaka ndi chaka, amayankhula Chichewa kapena Chinyungwe pamodzi ndi Chipwitikizi, ndipo sangasokoneze maliro ndi tsamba lovuta.

Eni pulogalamu yathu, kunena chilungamo, anamvera titawafotokozera. Tsopano ukafufuza Mwale umapezanso Muale, bokosi la kulemera limalandira kadontho ndi mpatuliro womwe ndipo limafunsa kawiri thumba likapitirira makilogalamu 120, ndiponso tsiku lobadwa ukhoza kulemba chaka chokha. Tsamba limene ankafuna kuligwetsa analisiya monga linalili, kupatula bokosi la kulemeralo. Batani la Gravar lokha sanalikonzebe, akuti likhudza mbali ina ya pulogalamu imene ikufuna ndalama, choncho pakadali pano kumbuyo kwa tabuleti iliyonse tamata kapepala kolembedwa ndi dzanja kuti: dinani kamodzi, werengani mpaka makumi awiri. Sikelo zitsegulidwanso soya akauma, ndipo kalata yopempha kaundula wa nyengo imeneyi tatumiza kale.

Ine wanu,

Mlembi wa bungwe la alimi,
Ulongwe, Angónia